Za Mlandu Wanga Wovomera Mwana Atandiitana Kuti Ababa

Kwa Bwana Mkulu,
Bungwe Loika Ana M'makomo mwa Eni,
Ofesi ya Pamwamba, Chitseko Chomaliza.

Wolemekezeka Bwana,

Ndasamba m'manja ndi sopo wa alendo ndisanagwire pepalali, kuopa kuti dzimbiri la kuntchito kwanga lingakudetsereni tebulo. Mwadzuka bwanji kumwambako, kumene mphepo yozizira imatuluka m'khoma? Ife pansi pano tadzuka bwino ndithu, kungoti kugonako ndiye sitinagone.

Nkhope yanga simukuidziwa, ndipo si vuto lanu. Nthawi zonse ndikafika pa ofesi panu, mtsikana wa pakhomo amandiuza kuti muli mu msonkhano. Ndimasilira thanzi lanu, Bwana. Ine ndikakhalitsa pa mpando msana umayamba kulira, koma inu msonkhano umodzi womwewo chaka ndi chaka, osatulukako ngakhale kukataya madzi. Anthu otere sabadwa kawirikawiri.

Ndidzitchule ndekha poti wondiulutsa palibe. Ndine wowotcherera uja wa kuseri kwa msika, moyang'anana ndi okonza matayala. Mageti onse amene aima chilili m'tauni muno ndi anga. Opendamawo ndi a anzanga. Ndinapangapo geti lolimba kwambiri moti mwini wake mpaka lero amalowa kwawo podumpha mpanda, ndipo tikakumana amandithokoza. Sukulu ndinapitako, musaone zilembo zokhotazi. Aphunzitsi anachita kundipempha kuti ndisiyire panjira, ana a eni apezeko mpata wokhoza. Ndiye mukapeza mawu opunduka m'kalata muno, dziwani kuti ndi zotsatira za chifundo changa chomwecho.

Nkhani ndi iyi. Munatipatsa mwana wamkazi kuti tilere, ine ndi mayi akunyumba. Tamulera. Tsopano mwalamula kuti sukulu ikatsekera, mwanayu achoke pakhomo pathu apite kwa anthu ena osawadziwa, chifukwa tsiku lina anandiitana kuti ababa, ine n'kuvomera. Sindikudandaula ayi. Ndine yani ine wonunkha utsi wa zitsulo kuti ndidandaule? Ndangoti ndikuthokozeni, ndipo ndithokozera poyera, poti makalata amene ndimasiya pa ofesi panu akuoneka kuti akupeza tulo tabwino mu kabati. Ndithokoza mwa manambala, monga muchitira ophunziranu.

1. Zikomo chifukwa chotiyeza.

Ine ndi mayi akunyumba tinalowa m'banja ndikadali ndi tsitsi. Mwana Mulungu sanatipatse. Tinayenda m'zipatala mpaka alonda ankatipatsa moni wa pachibale, kenako tinangokhala, awiriwiri, m'nyumba ya zii, moti ntchentche ikalowa tinkailandira ngati mlendo. Titamva pa wailesi kuti bungwe lanu likufuna makomo osungako ana osowa kolowera, mayi akunyumba anazimitsa wailesiyo n'kundiyang'ana. Ine n'kuti nditavala kale nsapato.

Munatitumizira wantchito wanu, mayi a chikwama chakuda, atanyamula tepi. Anayeza chipinda m'litali ndi m'lifupi. Anayeza windo. Anayeza bedi la mwana limene ndinawotcherera ndekha, loti njovu itagonapo ingadzuke ikuyamikira. Anavundukula mapoto, ananunkhiza chimbudzi, anasuzumira pansi pa bedi lathu ngati ataya ndolo. Aneba anayamba kunong'onezana za mtengo, ankayesa nyumba ikugulitsidwa. Kenako anatikhazika aliyense payekha n'kumafunsa ngati mnzake amamenya. Ine ndinanena zoona, kuti ndimamenyedwa ndi mawu okha, makamaka ndikalowa pabalaza ndi nsapato za kuntchito. Anandifunsa ngati ndimamwa. Ndinati ndinkamwa kale, koma ndinasiya nditaona kuti wogulitsa mowa wamanga nyumba ya njerwa ine ndikadali pa lendi. Zonsezo analemba.

Kuchoka apo munatitumiza kwa dokotala, amene anandiona malo ena oti ngakhale ine mwini wake sindinawaonepo. Kenako kupolisi kukadinda zala. Zala zangatu zinapserera kalekale ndi moto wa ntchito, ndiye papepala pankangotuluka zimadontho zakuda ngati papita bakha. Wapolisi anati malinga ndi makina awo, ine zala ndilibe. Ndinamupempha kuti ndimutsine aone, anakana.

Sindinakhumudwe, Bwana. M'malo mwake ndimawamvera chisoni anzanga a pamsika amene anabereka ana odzaza minibasi popanda wowayeza ndi tepi. Akungolera mwaumbuli, chimbudzi chosanunkhizidwa.

2. Zikomo chifukwa cha maphunziro.

Munatisonkhanitsa mu holo n'kutipatsa mabisiketi ndi satifiketi. Ophunzitsa anali abwana aang'ono a tayi, osalala kumaso, oti kuwayang'ana bwino sanalerepo ngakhale mphaka. Anationetsa kasambitsidwe ka mwana pogwiritsa ntchito chidole, ndipo ali m'kati mopukuta, mutu wa chidolecho unazuka n'kugubuduka mpaka pamapazi anga. Ndinautola n'kudzipereka kuti ndikauwotcherere kwaulere. Sanaseke.

Koma phunziro lalikulu ndinalimva, ndipo ndalisunga kuposa satifiketiyo. Anati ife si makolo ayi, ndife olera akanthawi. Anachita kulemba pa bolodi ndi zilembo zikuluzikulu. Anati mwana asamatiitane ababa kapena amayi, chifukwa mutu wake ungadzasokonezeke tsiku lomwe abale ake adzapezeke. Anati timukonde ndithu, koma mwa muyeso. Mayi akunyumba anakweza mkono n'kufunsa mwaulemu kuti muyeso wake ndi uti, supuni ya tiyi kapena ndowa. Abwana a tayi anati limenelo ndi funso labwino kwambiri, ayankha tikabwera kopuma. Bwana, kodi kupuma kuja kunatha? Mayi akunyumba akudikirabe.

3. Zikomo chifukwa cha dzina.

Mwana anabwera masana ena pa galimoto yanu yoyera, atafumbata jumbo, kamunthu kolekeza m'bondo langa. Akuti anatoledwa pa depoti ya mabasi. Mwina mukukumbuka, mwina ayi, poti ana ndi ambiri ndipo msonkhano ndi wautali. Mayi a chikwama anawerama n'kumulozera ife, amvekere awa ndi okulera akanthawi. Mwana anakhala osalankhula mpaka tinayamba kuganiza kuti mawu ake anatsalira m'galimoto. Buledi ankabisa pansi pa pilo. Ndikatsokomola ankathawira kuseri kwa chitseko, ndipo apa sindimunena, poti ine ndikatsokomola agalu a dera lonse amayankha.

Tsiku lomwe analankhula, anandikoka buluku n'kundiitana kuti a Kanthawi, akufuna madzi. Iye anamva ngati ndilo dzina langa. Mayi akunyumba anasanduka a Kanthawi aakazi. Ndinafuna kumuwongolera, koma ndikanamuuza kuti azindiitana ndani? Amalume si ine, aneba si ine, ababa munaletsa. Ndiye dzina linamera mizu. Lero msika wonse umandiitana choncho. Makasitomala amafunsa kuti kwa a Kanthawi ndi kuti, ndipo adani anga amafalitsa kuti dzinali likunena za mageti anga, bodza lamkunkhuniza limene adzaliyankha okha pamaso pa Mulungu.

Ifenso tinamupatsa lake loseka nalo, lenileni lija osalikhudza monga munanenera. Timamuti Kapitawo. Akaweruka kusukulu amabwera kuntchito kwanga n'kuima kuseri kwa kampanda komwe ndinamupangira kutali ndi moto, atavala magalasi akuda otseka nkhope yonse, manja kumbuyo. Ndikamaliza geti amalizungulira pang'onopang'ono n'kugamula kuti lapendama. Kunena ine, munthu amene injiniya wina anandivulira chipewa pagulu. Ndikaikapo levulo yoyezera kuwongoka n'kupeza kuti lapendamadi, ndimamuuza kuti ndinachitira dala kuti ndimuyese maso.

Apa pali zinthu zoti mundilembere m'buku la anthu omvera. Tsiku la makolo kusukulu, aphunzitsi aakulu anati makolo onse aimirire, alendo akhale pansi. Ndinakumbukira bolodi lija. Kuimirira ndiye kuphwanya lamulo lanu, kukhala ndiye kumukana mwana amene ankandiyang'ana ali pa mzere. Ndinasankha pakati, Bwana. Ndinanyamuka theka, mawondo opinda, matako m'malere, mpaka mwambo wonse unatha. Mayi wina anandifunsa ngati ndatsegula m'mimba.

Chachiwiri chake n'chachikulupo. Aneba, anthu osapita ku maphunziro a mabisiketi, anayamba kuitana akazi anga kuti amake Kapitawo. Munthu amene zaka zonsezi wakhala akuitanidwa kuti akazi a owotcherera, anzake onse akuitanidwa ndi maina a ana awo. Ndinaona mmene anatembenukira tsiku loyamba, ngati munthu woitanidwa kukalandira mphoto. Koma ine, wophunzira wanu wokhulupirika, ndinayenda khomo ndi khomo kuwauza kuti asiye, malamulo salola. Anasiya. Mayi akunyumba anangolowa m'nyumba n'kuyamba kutsuka mbale zotsukatsuka kale. Ndikhulupirira kumeneko ndiye kukonda mwa muyeso, ndipo ngati pali mendulo yake, chifuwa changa n'chotambalala, malo alipo.

4. Zikomo potitsegula maso za kutalika kwa kanthawi.

Mwa umbuli wanga ndinkayesa kanthawi ndi kaja timauza kasitomala kuti dikirani kanthawi, iye n'kukhala pa benchi. Ngakhale kanthawi kanga, kamene anthu amandinena nako kuti n'kotalika, sikadutsa mwezi. Koma kanthawi ka ku ofesi kwanu ndi ka mtundu wina, kodya bwino. M'kati mwa kanthawi kameneka mwana watalika mpaka ndadula bedi lake pakati n'kulumikizapo chitsulo china. M'kati mwa kanthawi kameneka wayamba sukulu, waphunzira kuwerenga, ndipo wapeza kale zolakwika pa chikwangwani changa chimene chakhala chikulemekezedwa ndi tauni yonse. Anadwala chikuku, mayi akunyumba n'kugona pa simenti ya chipatala, kwakanthawi. Anandiphera wailesi poithira madzi kuti anthu a m'katimo amweko, ine n'kumukhululukira, kwakanthawi. Ndaphunzira kumanga maliboni a kumutu ndi zala zomwe apolisi akuti kulibezi, kwakanthawi.

Titaona kuti kanthawi kayamba kumera ndevu, tinapempha kuti mwanayu akhale wathuwathu. A ku ofesi kwanu anatiyankha bwino kwambiri. Anati n'zotheka, koma poyamba bungwe lifufuze abale ake, ndipo kufufuzako kumafuna galimoto, ndipo galimoto ilibe mafuta. Chaka chinacho, ilibe mafuta. Chinacho mafuta anapezeka koma tayala linaphulika. Ndinapita ndi aneba anga okonza matayala aja, zida zili m'manja, tinauzidwa kuti tayala la bungwe silikhudzidwa ndi munthu wamba popanda chilolezo cha msonkhano. Lero ndikumva kuti yodzatengera mwana ilipo, mafuta odzaza thanki, matayala onse ali ndi mpweya. Ndinaomba m'manja, Bwana. Galimoto yanzeru zedi imeneyo. Mukaiuza zokafufuza mayi wa mwana imakomoka, mukaiuza zokachotsa mwana imadzilizira yokha.

Mundimvetse bwino. Mayi ake omubereka atatulukira mawa, ine ndingamunyamule Kapitawo pakhosi mpaka pakhomo pawo, n'kuwapangira geti laulere. Kulira ndingalire moti ozimitsa moto angabwere kudzatunga, koma ndingamupereke. Komatu inu simukumupititsa kwa mayi ake. Mukumupititsa kwa a Kanthawi ena.

5. Apa ndiye pa mlandu wanga, ndipo ndiufotokoza ndekha mmene unayendera, poti lipoti lanu mwina linadumphako zina.

Mayi a chikwama anabwera kudzatiyendera monga amachitira. Tinawakhazika pa mpando wabwino uja wosagwedera, tiyi ali m'manja. Kapitawo ankasewera panja. Anali ndi dzino lakutsogolo lomwe linakhala likugwedera osafuna kuchoka, lamakani ngati mwini wake. Ndinati ndilizule ndi chozulira misomali changa chatsopano, anakana. Ndinati timangirire ulusi ku chitseko, anati chitsekocho n'chopendama. Ndiye tikucheza choncho, ine ndili pakati powafotokozera mayiwo mmene ndinapulumutsira basi yodzaza anthu powotcherera chitsulo chake ikuyenda, tinangomva mapazi di di di, mwana uyo walowa, timagazi pamlomo, dzino lili m'manja, akulunjika kwa ine.

"Ababa, lachoka!"

Bwana, ine ndaitanidwapo maina ambiri pa moyo wanga. Amisiri, achimwene, akuluakulu, akuba inu, a Kanthawi. Limeneli ndinali ndisanaitanidwepo chibadwire. Palibe anamuphunzitsa. Zaka zonsezi mwanayu anasunga lamulo lanu bwinobwino, koma tsiku limenelo chimwemwe chinathamanga kuposa lamulo. Ndipo ine, satifiketi yanga ili pakhoma pomwepo ikundiyang'ana, ndinayankha ndisanaganize.

"Ee mwanangu, bwera tione."

Supuni inagwa m'manja mwa mayi akunyumba. Ine ndinatalika mpaka mutu unagunda denga, malata anapindika, mpaka lero pakuoneka. Kenako ndinamva kaphokoso kena kakang'ono, khwe khwe khwe. Inali bolopeni ya mayi a chikwama.

Mayi amenewa sindikuwanena, ndipo chonde asavutike chifukwa cha kalatayi. Analemba zomwe anamva, ndiyo ntchito yawo, ndipo tiyi sanamalize tsiku limenelo. Atabweranso kudzatiuza chigamulo, ankalankhula akuyang'ana zipi ya chikwama chawo. Anati lipoti linakwera kumwamba, ndipo kumwamba kwaona kuti mwana wazolowera mopitirira muyeso, choncho asamutsidwe msanga asanapwetekeke mumtima. Ndinawafunsa kuti kumwamba kwake kuti, poti kumwamba komwe ine ndimakudziwa amakondwera mwana akapeza bambo. Anangoloza kumtunda ndi chibwano. Ndiye kuti ndinu, Bwana. N'chifukwa chake ndalemba.

6. Zikomo chifukwa cha nzeru zakuya.

Nzeru imeneyi ndakhala ndikuisinkhasinkha ndili pantchito mpaka ndaika geti la munthu chadodolido. Kuti mwana asadzapwetekeke pochoka, achoke. Kuti asadzalire mtsogolo, alire lero. Kamutu kangaka kanatenga nthawi, koma tsopano ndaona kukongola kwake. Khomo limene mwana akubisa buledi pansi pa pilo ndiye lakhoza mayeso, poti sanazolowere. Limene akuthamangira munthu ndi dzino m'manja ndiye lalephera. Ndiye kumene akupitako akakamukonda, iye n'kuzolowera, mudzamuchotsanso. Kwinako chimodzimodzi. Pomadzakula adzakhala atagonapo nyumba iliyonse m'tauni muno, ndipo ntchito sadzasowa. Adzakhala wowerenga mamita a madzi, wodziwa galu wa pakhomo lililonse ndi dzina lomwe. Ndani amati bungwe lanu siliganizira tsogolo la ana?

Ndikudziwitseninso, poti malipoti mumawakonda, kuti mankhwala anu ayamba kale kugwira ntchito. Nyumba yathu ilibe siling'i. Munayeza makoma koma simunayeze mmene mawu amadumphira pamwamba pake, ndiye Kapitawo anamva zonse ali kuchipinda. Chichokereni tsiku limenelo mawu aja sanawabwerezenso. Tsopano amandiitana a Kanthawi pa chilichonse, mokweza, nkhope ataloza kumsewu, kuti mwina ku ofesi kwanuko mumve. A Kanthawi mwadzuka bwanji, a Kanthawi ndapita kusukulu, a Kanthawi zikomo chifukwa cha madzi. Mageti anga sakuwapezanso chifukwa. Dzana ndinachita kupendamitsa limodzi dala, moti ngakhale munthu wodutsa pa njinga akanaona. Analiyang'ana n'kunena kuti lili bwino. Chakudya akusiyako theka, akuti asamatithere zinthu. Mwana waulemu, wosavuta, wosazolowera, ndendende mmene buku lanu likufunira. Landirani ulemu wanu.

Nawo mayi akunyumba akupita patsogolo. Akumusokera madiresi aakuluakulu oti adzavale zaka zikubwerazi, ena oti angakwane ine. Akumuphunzitsa kuluka tsitsi lake yekha, akuti sadziwa ngati manja a kumeneko amakoka kapena ayi. Ndikawaseka kuti diresi iyo ndi tenti, sakundibwezera. Munthu amene kale ndikamuputa kamodzi ankandibwezera mpaka ndithawire kuntchito.

Lamulungu lapitali ndikupukuta nsapato zake za kusukulu pakhonde, Kapitawo anabwera n'kukhala pambali panga, osandikhudza, n'kufunsa chapansipansi.

"A Kanthawi, ndikakawapepesa kuti ndinangolakwitsa kuitana, andisiya?"

Bwana, pakamwa panga sipanasowepo yankho. Ndinakanganapo ndi loya za mafelemu a mawindo ake mpaka iye anapempha madzi akumwa. Koma apa ndinangodzuka, nsapato ili m'manja, n'kupita kuseri kwa nyumba kukapala chitsulo chosafunika kupala. Yankho limenelo ine ndilibe. Muli nalo ndinu.

Manambala andithera, koma poti ndine munthu wothandiza, ndabwera ndi timaganizo, mutolepo kamene kakukomereni.

Ngati pali wolakwa, ndine. Mwana anaitana kamodzi kokha, magazi ali pakamwa. Wamkulu wa satifiketi amene anavomera ndine. Ndilangeni ine. Ndilandeni satifiketiyo, ndibwezeni ku maphunziro a chidole, ndisesetseni pa ofesi panu mpaka tsache lipemphe chifundo. Mipando ya mu msonkhano imene yatopa ndi kukunyamulani ndiilimbitsa yonse, mukhalepo zaka zina bwinobwino.

Ngati zimenezo sizikukwanira, ndipo mwana apita basi, ndiye tiikeni tonse atatu. Inenso ndine wamasiye, Bwana, makolo anga anapita kalekale, ndipo makolo a mayi akunyumba chimodzimodzi. Tumizani munthu akaone ngati kumeneko kuli malo a ana ena awiri, mmodzi wa dazi. Sindivuta kulera. Ndimadya pang'ono pokha, malinga kakhale kawirikawiri. Ndimasamba ndekha. Ndipo ndikulonjeza kuti bambo wa kumeneko sindidzamuitana ababa ngakhale mano onse atandichoka tsiku limodzi.

Koma ndikudziwa kuti maganizo a munthu wosiyira sukulu panjira sangakwere masitepe anu, angathere mpweya panjira. Ndiye ndatsala ndi pempho limodzi lokha, laling'ono, ndipo ndikulipereka ndi manja awiri, chipewa chili m'khwapa.

Tsiku lodzatenga mwanalo, mudzabwere nokha. Musadzatume mayi a chikwama, atopa kunyamula mawu a eni. Musadzatume dalaivala. Mudzatsike, mudzafike pakhomo panga ndi mapazi anu. Njira ndi yosavuta, mudzafunse aliyense pamsika. Mudzapeza mwana atasamba, atapesa, katundu wake atamangidwa, poti ife lamulo sitikana. Mudzakhale naye maso ndi maso, inu odziwa muyeso, n'kumuyankha funso lake lija ndi pakamwa panu. Mukadzatero mudzamulangize bwinobwino za kumene akupitako. Akaziseka kangati pa sabata. Akagwa akazithamangira kwa yani. Akazichita bwanji kuti anthu a kumeneko asamukonde, kuti mwina kumeneko mudzamusiye akhale. Ife zimenezo zatikanika kumuphunzitsa. Tinayesetsa, koma mitu yathu ndi youma.

Ndipo ngati mutakhala pamenepo, mwana akukuyang'anani, mawu n'kukana kutuluka pakhosi, musadzachite manyazi, Bwana. Zimachitika ngakhale kwa ife akatswiri. Mudzangomwa tiyi, n'kutsanzika, n'kubwerera nokha mmene munabwerera, mwana n'kumusiya. Ine amene tauni yonse ikundidziwa kuti nkhani siigona m'mimba mwanga, imeneyo yokha ndidzaisunga mpaka kumanda.

Ndine wantchito wanu wosayenera ngakhale kukutsegulirani chitseko,

Wowotcherera wa kuseri kwa msika,
amene mwana anamuitana, iye n'kuvomera.